Mbiri Imene Amayi Anachonga Ali Moyo

Kwathu ku Mbenje maliro sanyamuka kupita kumanda mbiri ya malemu isanawerengedwe, ndipo kwa zaka zambiri amene ankalemba ndi kuwerenga mbirizo, m'mudzi mwathu ndi m'midzi yoyandikana nafe, anali bambo anga. Atapuma pa ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya nzimbe, anabwera kumudzi ndi njinga, mataye angapo, ndi Chichewa chimene munthu sangachimve pamsika kapena padooko. Mpingo unawasankha kukhala mlembi, ndipo kuyambira pamenepo munthu akangotsirizika, achibale ankayamba afika kwathu asanapite kwa wokhoma bokosi.

Ankalembera pansi pa mtengo wa nimu, patebulo laling'ono la mwendo umodzi waufupi umene ankauchirikiza ndi chidutswa cha njerwa. Ofedwa ankakhala pamphasa n'kumafotokoza za m'bale wawo, kuti ankalima thonje, ankakonda mbatata yootcha, ankaopa agalu. Bambo ankagwedeza mutu mwachifundo, cholembera chili phee. Anthuwo akachoka m'pamene ntchito inkayamba, ndipo zotuluka papepalapo sizinkakhudzana n'komwe ndi thonje kapena agalu. Mwamuna aliyense amene bambo anamuperekeza kumanda anali mzati. Wamkazi anali nsanamira ya banja. Amene anapitako kusukulu pang'ono anali nyali ya chitukuko m'dera lino. Ndipo pa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamwalira. Onse ankatsogola, kapena ankapumula ku zolemetsa za dziko lino.

Mkulu wina amene mudzi wonse unkadziwa kuti wamutsiriza ndi kachasu, bambo anati "anali munthu wokonda kucheza ndi anthu a magulu osiyanasiyana mosayang'ana nthawi." Msodzi amene anagwidwa ndi ng'ona akuonjola ukonde, iyeyo "anakumana ndi zokhoma za chilengedwe ali mkati motukula banja lake." Ndinamva ndekha zimenezi, ndili pakati pa amayi, ndikuyesetsa kuti nkhope yanga ikhale ya pamaliro.

Sindikuwanena bambo anga, ayi. Anthu ankazikonda. Dzuwa la kuno likamaswa mtengo, iwo ankaima atamanga taye mpaka pakholingo, thukuta lili kamukamu, mawu akutuluka mwapang'onopang'ono ngati akuwerenga nkhani pawailesi, ndipo ofedwa ankaona kuti m'bale wawo walemekezeka. Ndili mwana ndinkanyada nawo kwambiri. Lero ndimaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ku Chikwawa, ndipo mwana akandilembera chimangirizo chodzaza ndi "mwa ichi" ndi "poona zonsezi" koma osanena kanthu, ndimafuna kukalipa, kenako ndimamva mawu a bambo m'khutu, dzanja n'kufewa. Ndimangolemba m'mbali kuti abwere tidzacheze.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankatengeka nazo, ndipo anali amayi anga. Pobwera kuchokera kumaliro ankavula duku, n'kutola mlamba wouma m'dengu, kuugwira ngati pepala, n'kuima pakati pa bwalo atatukula chifuwa.

"Abale ndi alongo, lero mzati wagwa!" ankatero ndi mawu a bambo enieni. Kenako ankatembenuka. "Akalaliki, mizati yonseyi mukugwetsa sabata ndi sabata, denga la Mbenje latsala likugwira pati?"

"Mayi, ulemu ndi ulemu," ankayankha bambo akupachika jekete, koma pakamwa pakuoneka kuti kuseka kwawagwira.

Amayi anabadwira kutsidya, ku Mozambiki. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chisena, ndipo akapsa mtima Chichewacho chinkathawa chonse. Ankawamba nsomba n'kumagulitsa pamsika, milamba ndi makakana, moti nsalu zawo zonse, ndi za kutchalitchi zomwe, zinkamveka utsi. Kuno anabwera nthawi ya nkhondo, kudzera m'madambo a ku Nyachikadza. Mwamuna wawo woyamba anatengedwa ndi asilikali ndipo sanaonekenso. Iwo anathawa ndi mwana wamkazi wakubere, ndipo mwanayo anatentha thupi n'kumwalira ali m'bango momwe anabisala podikira bwato. Anamuika momwemo.

Nkhani imeneyi sinali yachinsinsi. Aliyense wa ife ana anayi obadwa kuno anauzidwa kamodzi, atasinkhuka. Ine anandiuza tikutembenuza nsomba pachiwambo, maso awo ali pansombapo, ndipo atamaliza anandituma nkhuni. Koma m'nyumba mwathu siinkakambidwa. Bambo ikawafikira pakamwa ankailambalala ndi mawu amodzimodzi, akuti "mayi awa anadutsa m'zovuta zosiyanasiyana." Mlendo akafunsa kuti ana alipo angati, bambo ankayankha msanga kuti anayi. Amayi sankatsutsa. Ankangoyang'ana kumbali n'kupeza chochita ndi manja awo.

Chaka chimene amayi anadwala, kunatentha mwakuti ngakhale mbuzi zinkakanirira pamthunzi. Achipatala anayesa mbali yawo, kenako anatiuza mosabisa kuti matenda a m'mimbawo afika poti sangachitenso kanthu, n'kutipatsa mankhwala opha ululu. Ndinapempha tchuthi kusukulu n'kubwera kudzawasamala. Ndinawapeza atatha thupi, akugona pamphasa pakhonde chifukwa m'nyumba simunkakhalika. Chimene matendawo analephera kuwalanda chinali pakamwa.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera kumaliro a m'mudzi wina, akukankha njinga, taye ili m'khosi.

"Akalaliki, lero mwagwetsa mzati kapena nsanamira?" anafunsa amayi.

"Nsanamira," anayankha bambo, opanda ndi manyazi omwe.

"Chabwino. Takhalani pansi apa. Ndikufuna mulembe yanga."

Bambo anaima chilili, dzanja lili pachishalo cha njinga.

"Ndikufuna ndiimve makutu adakali anga," anapitiriza amayi. "Ndimakudziwani inu. Ndikangotseka maso mudzandinamizira pamaso pa anthu, ine ndili m'bokosi wosatha kuyankha."

"Mayi, zimenezo sizichitika. Mbiri salembera munthu wamoyo. Anthu akamva adzati ndikukufulumizitsani."

"Anthu ake ati? Pano tilipo atatu, wachinayi ndi tambala uyo."

"Komabe mwambo wake suli choncho."

"Mukakana, alemba mwanayu. Si mphunzitsi kodi? Adzawerenganso yekha, inu mutakhala pabenchi ngati mlendo wodzapepesa."

Pamenepo amayi anagunda pachilonda. Bambo akanalolera zambiri, koma osati kuti mbiri ya mkazi wawo iwerengedwe ndi wina iwo ali moyo, ngakhale winayo akhale mwana wawo. Anandiyang'ana ngati ndine ndayambitsa, n'kukankhira njinga kuseri. Madzulo ake ndinawaona akukokera tebulo lija pansi pa nimu.

Analemba masiku angapo, akung'amba mapepala, akuyankhula okha. Atamaliza anasamba, kuvala malaya oyera, kumanga taye, n'kudzaima kumapazi kwa mphasa ya amayi. Ine ndinawadzutsa amayi n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga. Bambo anakonza kukhosi.

"Mayi athu okondedwa, amene lero atsogola, anali nsanamira yosagwedezeka, nyali yosazima, ndiponso chitsime cha nzeru zakuya. Anabadwira m'dziko loyandikana nalo lino, ndipo pofunafuna tsogolo lowala anasamukira kuno atadutsa m'zovuta zosiyanasiyana. Anali mayi wofatsa ndi wodekha. Pa nkhani ya zamalonda, anatengapo gawo lalikulu potukula chuma cha m'dera lino kudzera m'zachilengedwe za m'madzi."

"Mbani uyu?" anadula amayi. "Ameneyu ine sindikumudziwa. Akalaliki, munali ndi mkazi wina kuseri?"

"Ndi inuyo, mayi."

"Zachilengedwe za m'madzi ndiye chiyani? Mvuu?"

"Nsomba."

"Ndiye lembani kuti nsomba! Zaka zonsezi mwadya milamba yanga mpaka kunyambita zala, lero mukuchita nayo manyazi pagulu?"

Ndinaseka mpaka misozi. Amayi nawo anaseka, kusekako n'kuwapweteka m'mimba, n'kugwira dzanja langa mwamphamvu mpaka ululuwo utadutsa. Bambo anaima ndi pepala lawo, nkhope ili yonyozeka, koma ataona kuti mkazi wawo waseka koyamba m'masabata ambiri, anakoka mpando n'kukhala.

"Aphunzitsi," anatero amayi kwa ine, "katengeni cholembera chanu chofiira chija. Mwana uyu wabwereza kalasi."

Umu ndi mmene inayambira sukulu ya pakhonde pathu. Dzuwa likapendeka, mankhwala atagwira, bambo ankawerenga chiganizo chimodzi, amayi n'kuweruza, ine n'kudula. Amayi sanapite patali ndi sukulu, ndipo funso lawo linali limodzi lokha, lakuti, "Inu munaziona ndi maso anu?"

"Nyali yosazimayo munaiona liti? Ine ndimagona nkhuku zikangolowa."

Nyali inadulidwa.

"Wofatsa ndi wodekha? Nkhabe, ayi ndithu! Mukufuna anzanga a pamsika adzagwe ndi phwete pamaliro anga? Funsani mkamwini wanu ngati ndili wofatsa."

Apa bambo analimbikira ndithu. Anati sangaime pamaso pa abusa n'kunena kuti mkazi wawo anali wolongolola. Anakangana mpaka mdima unayamba kugwa, kenako anagwirizana pa chiganizo chakuti, "Anali ndi pakamwa. Ankakalipa msanga ndipo ankaiwala msanga." Amayi anati mbali yachiwiriyo ndi yokokomeza pang'ono, koma ailola.

Pa chitsime cha nzeru zakuya bambo anakana kugonja. Anati chimenecho n'choona ndipo achiteteza.

"Tungani m'chitsimemo tione," anatero amayi. "Nzeru imodzi yokha."

Bambo anaganiza nthawi yaitali, akukanda chipande cha mutu pamene tsitsi linatha.

"Chaka chija anthu anandinyengerera kuti ndiime nawo pa chisankho cha ukhansala, munandiletsa."

"Ndinati chiyani?"

"Munati anthu amandikonda pamaliro pokha."

"Ndinanama?"

"Ayi."

"Lembani zimenezo."

Analemba. Ndinkawaona bambo akuvutika ngati munthu amene akuyenda opanda nsapato koyamba atakula. Chiganizo chilichonse chachifupi ankachiyang'ana mokayika, n'kufuna kuchiveka "mwa ichi" kutsogolo, ine n'kuwagwira dzanja. Koma pang'ono ndi pang'ono zinayamba kuwakomera. Kuti apeze cholemba, ankayenera kukumbukira, ndipo akayamba kukumbukira sankafuna kusiya. Tsiku lina anafotokoza mmene anaonanirana koyamba, nkhani imene ine ndinali ndisanaimvepo. Anapita pamsika Loweruka atatchena, n'kuwerama kuti asankhe nsomba, ndipo mtsikana wogulitsayo anawauza m'Chichewa chothyokathyoka kuti, "Bambo inu, chingwe chanu cha m'khosicho chikulowa m'nsomba zanga."

"Ndinabwereranso Loweruka linalo," anatero bambo.

"Ndi chingwe chomwecho," anatero amayi.

Masana amenewo ndimawasowa kuposa china chilichonse. Amayi ankafa, tonse tinkadziwa, koma sindinawaonepo awiriwo akucheza mokoma chotero. Nthawi zina ndinkanamizira kukatunga madzi kuti ndiwasiye okha, ndipo pobwera ndinkamva akukanganabe za liwu limodzi.

Pepala lonse linafiira, kupatula malo amodzi. Nthawi iliyonse cholembera changa chikayandikira "zovuta zosiyanasiyana," bambo ankalikoka pepalalo mwaulemu n'kunena kuti tidzaonanso pambuyo. Ndipo kumunsi kwake kunali chiganizo chimene mbiri iliyonse kwathu imakhala nacho, chonena za ana amene malemu anabereka. Bambo anali atalemba kuti Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Amayi anachimva tsiku loyamba lomwe lija, ndipo ndinamva msana wawo ukuuma pachifuwa panga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nsomba zija, nyali ija ndi zonse zija zinali njira chabe. Kumene amayi ankapita kunali kumeneku.

Anadikira mpaka zina zonse zitatha.

"Akalaliki, werenganinso pa ana paja."

Bambo anawerenga motsitsa mawu.

"Ine ndinabereka asanu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ngati mukudziwa, bwanji cholembera chanu sichikudziwa?"

Bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya taye.

"Mayi, pamaliro timaphimba. Ndiyo ntchito yanga imeneyo, kuphimba munthu kuti apite mwaulemu. Ndikaima pagulu n'kuyamba kunena za nkhondo, za bango, za mwamuna wina, ndiye kuti ndakuvulani pamaso pa anthu. Zinthu zowawa ngati zimenezo timangozikhudza patali. Amene akudziwa amamva."

"Mwandiphimba zaka zonsezi, takhuta," anatero amayi, akuthokoza m'Chisena. Sanakweze mawu, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa kukalipa kwawo konse. "Koma pondiphimbapo mwaphimba ndi mwana yemwe. Mwana uja sanaimbiridwe nyimbo. Ndinakumba ndi nkhafi yothyoka ndi manja awa. Mayi wina, ngakhale dzina lake sindinalidziwe, ananditseka pakamwa kuti ndisalire mokweza, asilikali angamve. Manda ake sindingakusonyezeni, madzi adutsapo kambirimbiri. Amene ankamudziwa ndatsala ndekha. Maliro anga ndi okhawo amene iye angalowe nawo. Mukadzanena kuti anayi, ndiye kuti tamusiyanso m'bango muja."

Bambo anapinda pepala lija bwinobwino, kuliika m'thumba la malaya, kutenga njinga n'kutuluka osanena kumene akupita. Anabwera dzuwa likulowa ndi kajumbo ka bwemba, chifukwa ndi chokhacho chimene amayi ankathabe kumumunya. Za mbiri sanatchule.

Sukulu ya pakhonde inathera pomwepo. Amayi anayamba kufooka msanga. Bambo anasiya kupita kumaliro a anthu ena, n'kumakhala pambali pawo tsiku lonse, akuwakupiza ndi chikatoni, akuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Ankachita zonse, koma tebulo lija sanalikhudzenso. Bambo akapita kuseri, amayi ankanditsina n'kufunsa monong'ona kuti, "Alemba?" Ine ndinkangotola chikatoni chija n'kumawakupiza.

Mtima wanga ndi wa amayi, supirira nthawi yaitali. M'mawa wina ndinawapeza bambo kukhola akumasula mbuzi, ndipo ndinawafunsa mosapita m'mbali.

"Bambo, chiganizo chija mwalemba?"

"Nkhaniyo ili m'manja mwa oyenerera, ndipo ikuunikidwa."

"Oyenererawo ndi inu, bambo! Kuno si kuofesi. Amayi akufunsa tsiku ndi tsiku. Mukufuna apite asakudziwa?"

Sindinawalankhulepo choncho chibadwire. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Iwo anangokhala pachipika cha pakhomo la khola, chingwe cha mbuzi chili m'manja.

"Mwanawe, mwana uja ndilibe naye chifukwa," anatero. "Ndikanakonda ndikanamulera. Koma m'pepala monse muja chatsala ndi chiganizo chimenecho basi. Ndikachilemba, mbiri yatha. Ndipo mbiri ikatha, mayi ako apita."

Zaka zonse zimene ndinawamva bambo akulankhula, sanayambe anenapo chinthu chachifupi ndi chomveka chotero. Mkwiyo wanga unasungunuka, ndipo ndinakhala nawo pachipikapo mpaka mbuzi zinayamba kutilirira.

Nditawauza amayi, anatseka maso, ndipo pakamwa pawo panaoneka kamwetuliro.

"Munthu wamkulu ngati uja," anatero. "Kawauze kuti ine ndipita ndithu, alembe asalembe. Asandichedwetse ndi ukalaliki wawo."

Ndinakawauza mmene ananeneramo. Bambo anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso, koma pepala silinatuluke m'thumba. Amayi anatsirizika patapita masiku owerengeka, m'mawa, mutu wawo uli pamiyendo pa bambo. Chiganizo chija sanachimve. Zimenezi zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Tsiku loika maliro kunabwera anthu ambiri, a kumpingo, a pamsika, asodzi a kudooko, ndi amayi achikulire ochokera kutsidya amene anabwera kuno nthawi imodzi ndi amayi anga, amene pamaliro amakonda kukhala kumbuyo pagulu lawolawo. Ife ana anayi tinakhala pamphasa pafupi ndi bokosi. Nthawi ya mbiri itakwana, ena anauza bambo kuti apume, awerenge wina, poti mwini maliro saima. Anakana. Anaimirira ndi taye yawo, pepala lofiira lija lili m'manja, ndipo ine sindinkadziwa chimene chili kumunsi kwake.

"Akazi anga amwalira," anayamba motero.

Anthu anadzutsa mitu. Liwu limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pa bambo pamaliro alionse, ndipo ambiri anali atakonzeka kale kumva za nsanamira.

"Anabadwira ku Mozambiki. Ankawamba nsomba n'kumagulitsa pamsika. Ambiri a inu mwadya milamba yawo. Anali ndi pakamwa."

Kumbali ya amayi a pamsika kunamveka kuseka kumene munthu amayesa kukubweza ndi nsalu, kenako kusekako kunasanduka kulira. Bambo anadikira. Anawerenga za kukalipa msanga ndi kuiwala msanga, za ukhansala, za chingwe cha m'khosi. Abusa anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Mkamwini wathu ankangovomereza ndi mutu. Amene ankafotokozedwa papepalapo aliyense ankamudziwa, ndipo zinali ngati amayi angotuluka pang'ono ndipo abwera posachedwa kudzatikalipira kuti takhala motayirira.

Kenako bambo anasiya kuyang'ana pepala.

"Anabereka ana asanu."

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anakhala kumbuyo kwanga, anatiwerenga ndi chala n'kundinong'oneza kuti achimwene asokonezeka ndi chisoni, wina akawakonze. Ndinawagwira bondo kuti akhale chete.

"Anayi ndi awa mukuwaonawa," anapitiriza bambo. "Woyamba sanali wanga, ndipo sindinamuone. Anali wamkazi. Bambo ake anatengedwa ndi asilikali. Iye anamwalira ali kubere, m'bango la ku Nyachikadza, mayi ake akuthawa nkhondo. Anamuika okha, ndi manja."

Ndiye anatchula dzina lake. Analitchula kawiri, mokweza, momveka bwino, mmene amatchulira maina a anthu akuluakulu.

"Mwana ameneyu sanaimbiridwe nyimbo. Lero tikuika anthu awiri. Ndikupempha amayi a mpingo kuti nyimbo yoyamba ikhale yake."

Anakhala pansi. Amayi a mpingo anayang'anana, poti zimenezi sizinali pa pulogalamu ndipo palibe ankadziwa kuti ayambe iti. Kenako kumbuyo kwenikweni, pagulu la amayi ochokera kutsidya paja, mawu amodzi okalamba anayambitsa nyimbo ya Chisena, yapang'onopang'ono, imene sindinaimvepo m'tchalitchi mwathu. Anzawo anailandira. Ena ankaimba, ena ankangolira mokweza, kulira kumene sikunali kwa amayi anga okha. Ife amene sitinkaidziwa tinkangotsatira ndi kung'ung'udza. Mchimwene wanga wamkulu, amene moyo wake wonse ankatchedwa woyamba kubadwa, anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Titachoka kumanda, anthu akusamba m'manja pachipata, bambo ankayenda okha pambuyo, jekete lili paphewa. Ine ndinabwerera kuti ndiyende nawo, koma wina anandiyambirira. Anali mayi wokalamba kwambiri, wowerama msana, wa pagulu lija. Ndinkamuona pamsika akugulitsa mphasa, koma sindinalankhulepo naye. Anawagwira bambo pamkono wa malaya.

"Baba, takhuta," anatero. Anapuma kaye, akuyang'ana pansi. "Yanga mudzalembe ndinu. Musadzapatse wina. Ine ndinasiya awiri, wina m'bango, wina panjira."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayala jekete lawo pamuzu wa mtengo, kumukhazika mayiyo pamenepo, iwo n'kukhala pansi pafumbi ndi buluku lawo la kutchalitchi. Anapisa m'thumba, kutulutsa cholembera, n'kutembenuza pepala lija kumbuyo kumene kunalibe kanthu.

"Ndiuzeni maina awo, mayi," anatero.